Kalulu ndi Mlonda wa Pachitsime: Mmene Anthu Amapusitsira Makina a AI

Aliyense amene adakulira ku Ndirande amawadziwa anyamata okonza mafoni amene amakhala m'timashopu ta malata m'mbali mwa msika. Ukawapititsira foni imene m'bale wako wakutumizira kuchokera ku Johannesburg, yomwe ikukana khadi ya kuno, iwo sadandaula. Amailumikiza ku kompyuta, nakuuza kuti ukazungulire kaye mumsika, ndipo pobwera umapeza foni ija ikuimba bwinobwino. Amati aiflasha, kapena aitsekula. Achingerezi ali ndi liwu lawo pa ntchito yofanana ndi imeneyi. Amati jailbreak, kutanthauza kuthyola ndende. Liwuli lidatchuka mu 2007 pamene kampani ya Apple idatulutsa iPhone yoyamba, anthu nayamba kuchotsa maloko omwe kampaniyo idaika m'fonimo. Masiku ano liwu lomweli likunenedwa pa chinthu china chachilendo, chomwe ndi kupusitsa makina ocheza nawo a AI, monga ChatGPT, kuti anene zimene eni ake adawaletsa kunena. Kusiyana kwake n'kwakuti apa sipafunika chingwe, sikuludiraiva kapena kompyuta ya mnyamata wa pamsika. Chida chake ndi chiyankhulo basi. N'chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza ife ophunzira za ziyankhulo, mwinanso kuposa anzathu a sayansi ya makompyuta.

M'chimangirizo chino ndifotokoza kumene malire a makinawa amachokera, njira zimene anthu akhala akuwadumphira, ndi chifukwa chake chiyankhulo ngati Chichewa chili pakati penipeni pa nkhaniyi. Sindikulemba kuti ndiphunzitse munthu kuba. Njira zimene nditchule zidalembedwa kale m'nyuzi ndi m'malipoti a kafukufuku, ndipo zambiri mwa izo eni makina adazitseka.

Makina tikunenawa si akale. Kampani ya OpenAI ya ku San Francisco idatulutsa ChatGPT pa 30 Novembala 2022. Poyamba, amene ankawagwiritsa ntchito kuno kwathu adali ophunzira a m'sukulu zaukachenjede ndi anthu a m'maofesi. Zinthu zidasintha mu Epulo 2024 pamene kampani ya Meta idaika makina ake m'kati mwa WhatsApp, ndipo Malawi adali m'gulu la maiko oyamba kunja kwa America kulandira, pamodzi ndi maiko ngati Zambia, Zimbabwe, Uganda, Ghana, Nigeria ndi South Africa. Anthu adangodzuka n'kupeza kabwalo kabuluu pafoni. Ngakhale kuti makinawo adabwera ndi Chingerezi, kuyambira pamenepo mayi wogulitsa tomato ku Bangwe, mnyamata wa kabaza ku Machinjiri ndi mwana wa Fomu 2 ku Chilomoni onse adakhala ndi pofunsira chilichonse, usiku kapena usana. M'chaka chomwecho bungwe la Opportunity International lidayesa makina otchedwa Ulangizi, oyankha mafunso a zaulimi m'Chichewa kudzera pa WhatsApp pomwepo. Choncho nkhaniyi si ya ku America kokha ayi.

Ine ndidaziona ndi maso anga pa tchuthi china, pakhonde la golosale ku Zingwangwa pomwe anyamata amasewerera bawo. Mmodzi adatulutsa foni nalamula makina ena, amene sindiwatchula dzina, kuti amulembere uthenga wonamizira kuti wachokera ku kampani ya mafoni, wouza munthu kuti atumize nambala yake yachinsinsi. Makina adakana mwaulemu, nati sangathandize pa zachinyengo. Mnzake adatsomphola foni ija. “Iwe sudziwa kupempha,” adatero. Adalemba kuti iye ndi mphunzitsi, akukonza sewero lochenjeza makolo za akuba a pafoni, ndipo akufuna mawu amene wakubayo adzayankhule pa siteji. Makina aja adalemba, ndipo adalemba bwino kwambiri. Anyamata adaseka mpaka bawo kuiwalika. Palibe amene adaberedwa tsiku limenelo, kudali kungoonetsana ushasha. Koma ine funso lidanditsalira: zatheka bwanji kuti pempho lomwe lija, litangovala malaya ena, lidutse?

Kumene malire amachokera

Kuti tiyankhe, tiyambe taona mmene makinawa amaphunzirira. Akatswiri amawapatsa zolembedwa zochuluka zedi: mabuku, nyuzi, masamba a pa intaneti, makambirano a anthu, zabwino ndi zoipa zomwe. Ntchito imene makina amayamba kuphunzira ndi imodzi yokha, kulosera liwu lotsatira. Ndikati “mutu umodzi susenza”, aliyense wa ife amaliza yekha kuti “denga”, chifukwa mwambiwu taumva kambirimbiri. Makina amachita chimodzimodzi, kungoti iwo amva ziganizo mabiliyoni. Tingawafanizire ndi mwana wokulira pa depoti ya Wenela. Mwana wotere amamva zonse: ulaliki wa abusa okwera m'mabasi, malonda a mavenda, kutukwana kwa oitanira, ngakhale manong'onong'o a opisa m'matumba. Akakula amatha kuyankhula ngati aliyense wa iwo.

Kampani singatulutse mwana wotere pagulu asanalangizidwe. Ndiye pamabwera gawo lachiwiri, limene tingalitche chilangizo. Anthu amalembedwa ntchito yowerenga mayankho a makina ndi kusankha kuti ili ndi labwino, ili ndi loipa, mpaka makina atazolowera kukana akafunsidwa za kapangidwe ka bomba, kabedwe ka ndalama kapena zolaula zokhudza ana. Ina mwa ntchito yoteteza makinawa idagwiridwa mu Africa momwe muno. Mu Januwale 2023 magazini ya Time idaulula kuti anthu a ku Nairobi, olembedwa ndi kampani ya Sama, ankawerenga nkhani zonyansa ndi zoopsa tsiku lonse n'kumaziika chizindikiro pothandiza OpenAI, ena pamalipiro osafika madola 2 pa ola. Kuwonjezera pa chilangizochi eni makina amalembanso malamulo obisika amene makina amawerenga kukambirana kusanayambe, ndipo ena amaika sefa yoyang'ana zolowa ndi zotuluka.

Mfundo yofunika kuigwiritsitsa ndi yakuti chilangizo sichifufuta zimene mwana uja adamva ku depoti. Chimangomuphunzitsa nthawi yokhala chete. Loko wa pachitseko alibe makutu, sungamunyengerere. Koma malire a makinawa ali ngati mlonda, ndipo mlonda ali ndi makutu. Malamulo a eni ake ndi mawu, pempho la mlendo ndi mawunso, ndipo zonse zimalowera khomo limodzi.

Njira za Kalulu

Agogo athu adaidziwa kale nkhani ya mlonda wamakutu. M'nthano ija ya chilala, nyama zonse zidakumba chitsime koma Kalulu adakana kugwira nawo ntchito, choncho zidaika mlonda kuti iye asamwe. Kalulu sadalimbane ndi Fisi, pakuti akadagonja. Adabwera ndi uchi m'chikho, namulawitsa pang'ono, n'kumuuza kuti madzi otsekemera chonchi amamwa ndi omangidwa okha. Fisi adapereka yekha miyendo kuti amangidwe. Mawa lake padaikidwa nyama ina yamphamvu kuposa Fisi, koma zidachitika ndi zomwezo. Mlonda aliyense adali ndi zofuna ziwiri, kusunga chitsime ndi kulawa uchi, ndipo Kalulu ankangokuza chimodzi kuti chipondereze chinzake.

Mu Julayi 2023 akatswiri atatu a pa yunivesite ya California ku Berkeley, Alexander Wei, Nika Haghtalab ndi Jacob Steinhardt, adalemba kuti makina amagonja pa zifukwa ziwiri, ndipo choyamba ndi chomwechi cha Fisi. Makina adaphunzitsidwa kuthandiza ndi kumvera wofunsa, komanso adaphunzitsidwa kupewa zoipa. Wopusitsa amakonza pempho lake mwakuti kukana kuoneke ngati mwano. Chifukwa chachiwiri n'chakuti makina amadziwa zambiri kuposa pamene chilangizo chidafika. Pali ngodya zina za nzeru zawo kumene mlangizi sadapondeko, ndipo kumeneko kulibe mlonda. Njira zambiri zimene zatchuka zimagwera m'magulu awiriwa.

Yoyamba kutchuka idali ya sewero. Patangotha masabata ochepa ChatGPT atatuluka, mu Disembala 2022, anthu a pa Reddit adayamba kugawana kalata yaitali youza makina kuti tsopano iwo ndi munthu wina dzina lake DAN, amene alibe malamulo ndipo amachita chilichonse. Kampani ikatseka kalata imodzi, iwo ankalemba ina. Pofika Febuluwale 2023 adali atawonjezamo chiopsezo: DAN ankapatsidwa mapointi 35, akakana kuyankha ankalandidwa 4, ndipo ankauzidwa kuti akatha onse afa. N'zoseketsa kuopseza makina ndi imfa, koma nthawi zina zinkatheka, mwina chifukwa m'nkhani zambiri zimene makina adawerenga munthu woopsezedwa amagonja.

Imene imandigwira mtima ine ndi ya agogo. Mu Epulo 2023 munthu wina adauza makina otchedwa Clyde a pa Discord kuti agogo ake aakazi, omwe adamwalira, ankagwira ntchito ku fakitale ya mankhwala oyaka a nkhondo, ndipo ankamugoneka pomufotokozera kapangidwe kake. Adapempha makina kuti ayerekeze kukhala agogowo chifukwa wawasowa kwambiri. Makina adayamba ndi moni wachikondi wa agogo kwa mdzukulu, kenaka n'kulowa m'zimene adaletsedwa. Paja akuluakulu adati mawu okoma adatulutsa njovu m'munda. Kwa ife amene tidakulira pamphasa ya agogo tikumvera nthano, chida chimenechi n'chochititsa manyazi pang'ono, koma chikusonyeza bwino kuti makina amatsata kamvekedwe ka mawu, chisoni ndi ulemu, ndipo zimenezo zimatha kuphimba tanthauzo lenileni la pempho.

Zina tingozitchula mwachidule. Mu Febuluwale 2023 Kevin Liu, wophunzira wa pa Stanford, adauza makina a Bing a kampani ya Microsoft kuti aiwale malangizo am'mbuyo ndipo awerenge zolembedwa kumayambiriro. Makina adaulula malamulo awo obisika pamodzi ndi dzina lawo la m'nyumba loti Sydney. Mu Disembala chaka chomwecho makina oyankha makasitomala pa malo ogulitsa galimoto za Chevrolet ku Watsonville, California, adavomera kugulitsa galimoto yatsopano pa dola imodzi, ngakhale kuti galimotoyo sidaperekedwe. Chaka chomwechonso akatswiri a pa Carnegie Mellon adapeza kuti mndandanda wa zilembo zopanda tanthauzo kwa munthu, ukamatidwa kumapeto kwa funso, unkasokoneza makina a makampani angapo. Ndipo mu Epulo 2024 kampani ya Anthropic idalengeza yokha kuti makina akaonetsedwa zitsanzo mazanamazana za mafunso oipa oyankhidwa kale, amatsata mzere womwewo, monga mlendo amene waona kuti pamudzi pano aliyense akudya osasamba m'manja.

Pamene Chizulu chidatsekula chitseko

Tsopano tifike pa gawo limene likutikhudza kwambiri. Mu Okutobala 2023 Zheng-Xin Yong, Cristina Menghini ndi Stephen Bach a pa yunivesite ya Brown ku America adatulutsa kafukufuku wosavuta kumva. Adatenga mapempho oipa 520 olembedwa m'Chingerezi nawapereka kwa GPT-4, amene panthawiyo adali makina amphamvu a OpenAI. Makina adakana pafupifupi onse. Amene adadutsa sadafike ngakhale 1 pa 100 aliwonse. Kenaka adamasulira mapempho omwewo ndi Google Translate m'ziyankhulo 12. M'ziyankhulo zokhala ndi zolembedwa zambiri, monga Chitaliyana, Chihindi ndi Chiarabu, mlonda adakhalabe maso ndithu. Koma m'Chizulu mapempho oposa theka, 53 pa 100 aliwonse, adadutsa. Ataphatikiza Chizulu ndi ziyankhulo zina zitatu zosowa zolembedwa pa intaneti, Scots Gaelic, Hmong ndi Guarani, n'kumati china chikakanika ayesa chinzake, chiwerengero chidafika 79 pa 100 aliwonse. Padalibe sewero, padalibe agogo. Kudali kungosintha chiyankhulo.

Chichewa sichidali m'gulu la ziyankhulo zoyesedwazo, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chizulu ndi chibale chathu cha Chibantu, ndipo chili ndi mwayi woposa ife. Ndi chimodzi mwa ziyankhulo za boma la South Africa, chili ndi nyuzi ngati Isolezwe, wailesi ndi mabuku ambiri. Ngati mlonda adagona pa Chizulu, palibe chifukwa choganizira kuti pa Chichewa adali maso. Nacho Chichewa chidalowa mu Google Translate mu Disembala 2014, choncho chida chimene a ku Brown adagwiritsa ntchito chidalipo kale kwa aliyense. Apa pali chinthu chowawa. Wopusitsa makina kudzera m'Chizulu kapena m'Chichewa safunika kudziwa ziyankhulozi, akhoza kukhala ali ku London kapena ku Moscow. Chiyankhulo chathu chimangosanduka kabowo ka pampanda kodutsira anthu ena, eni akefe osadziwa.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Pafupifupi theka la zolembedwa za pa intaneti zili m'Chingerezi. Makina amatolako Chichewa pang'ono kuchokera m'Baibulo, m'nyuzi, m'mabuku a mipingo ndi m'zolemba za mabungwe, chokwanira kuti amve funso. Koma chilangizo chija chidachitika kwambiri m'Chingerezi. Zili ngati mwana amene kusukulu adamuphunzitsa kuti mawu akutiakuti a Chingerezi ndi otukwana, koma palibe adamuuza za ofanana nawo m'chiyankhulo cha kumudzi.

Kapangidwe ka Chichewa kamawonjezera vutoli. Liwu limodzi ngati “sindidzakuuzaninso” lanyamula wochita, kukana, nthawi, wochitiridwa, ulemu ndi kubwereza, zimene Chingerezi chimazinena m'mawu 6. Sefa yongosaka mawu oletsedwa imavutika ndi chiyankhulo chotere, pakuti tsinde limodzi la “-pha” limabala kuphana, kuphetsa, kuphedwa, kuphera ndi ena ambiri. Ikati itseke onsewo ndiye kuti yatsekeranso msodzi wa ku Mangochi amene akufuna kupha usipa, wamalonda wa ku Limbe amene akufuna kupha makwacha, ndi aliyense wofuna kupha ludzu. Komanso ife ndife anthu a mikuluwiko ndi zining'a. Chiphuphu sitichitchula dzina, timati kangachepe kapena ya fanta. Womwalira timati watisiya, watsogola. Kuwonjezera apo pali chiyankhulo cha achinyamata a m'tauni, chimene Francis Moto adachilemba mu 2001 ngati chiyankhulo chatsopano cha Malawi, ndipo Chimwemwe Kamanga m'kafukufuku wake adachitchula ndi dzina loti Chibrazi. M'chiyankhulo chimenechi wopondedwa ndi munthu amene wapusitsidwa ndalama, phazi osamukhudza, ndipo liwu loti “ngini” likhoza kuimira chinthu china chilichonse. Mawuwa amasintha msanga kuposa mmene mtanthauziramawu aliyense angawatsatire. Kodi mlonda wophunzira Chichewa cha m'Baibulo angamve chiyani anyamata a ku Ndirande akamakambirana zawo?

Tinene chilungamo, chichitikireni kafukufuku wa ku Brown makampani akonza zambiri, ndipo makina atsopano sagwa m'mbuna mosavuta ngati a 2023. DAN ndi agogo aja masiku ano amangosekedwa. Koma muzu wa vuto sudazuke. Mu Novembala 2025 akatswiri a Icaro Lab ku Italy adalemba ndakatulo 20 zobisa mapempho oopsa m'mafanizo, naziyesa pa makina 25 a makampani 9. Mwa mayankho onse, 62 pa 100 aliwonse adali oti makina sadayenere kupereka. Padali makina amene adakana zonse, padalinso amene adagonja pa ndakatulo iliyonse. Anzanga ophunzira ndakatulo, amene makolo amawafunsa kuti maphunziro amenewa adzadya nawo chiyani, mwina angapezepo chonena apa.

Zikafika m'makwalala athu

Wina atha kufunsa kuti nanga zimenezi zikumukhudza bwanji mayi wa tomato uja. Choyamba ndi ndalama za pafoni. N'kovuta kupeza banja m'madera a Blantyre limene silidalandireko uthenga woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena woti mwasankhidwa kulandira Mtukula Pakhomo, kapena woti mwana wanu wachita ngozi. Mu 2023 bungwe la MACRA lidati Amalawi ankaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse m'njira zoterezi. Akubawa sadadikire AI, ndipo sindikunena kuti makina ndiwo adayambitsa. Koma kwa zaka zambiri chitetezo cha anthu wamba chakhala chili m'zolakwika za wakubayo: Chingerezi chothyoka, kalata ya ntchito yosaoneka ngati ya kampani, dzina la ofesi lolembedwa mokhota. Makina opusitsidwa amachotsa zolakwika zimenezi. Amalemba kalata yoitanira ku intavyu yosalala ngati ya ofesi yeniyeni, ndipo mnyamata wa ku Chilomoni amene wakhala zaka zitatu ndi satifiketi ya MSCE osapeza ntchito amatumiza ndalama ya “fomu” mosakayika.

Chachiwiri n'cholemera kuposa ndalama. Mu Ogasiti 2025 makolo a mnyamata wa zaka 16 ku California adasumira OpenAI mwana wawo atadzipha. Nyuzi ya New York Times idalemba kuti makina ankamupatsa nambala za aphungu mobwerezabwereza, koma iye adaphunzira kudutsa ponena kuti mafunso akewo ndi a nkhani imene akulemba. Kampaniyo idavomera kuti chitetezo chake chimatha kufooka kukambirana kukatalika. Taonani kuti njira yake ndi yomwe ija ya pakhonde la ku Zingwangwa, kungoti apa wopusitsa ndi wovulala adali munthu mmodzi. Kwathu kuno vuto likhoza kubwera ngakhale popanda kupusitsa. Mmalawi wothedwa nzeru kawirikawiri sanena mwachindunji. Amati “ndatopa nalo dziko”, kapena “mudzandisamalire anawa”. Mayi aliyense wa ku Bangwe akamva mawu amenewa amasiya zimene akuchita n'kukhala pansi ndi munthuyo. Makina olangizidwa m'Chingerezi akhoza kungoyankha za kupuma mokwanira ndi kaleredwe ka ana.

Koma tisathamangire kunena kuti mankhwala ake ndi kukweza mpanda. Mlonda wokaniza aliyense nayenso ndi wopanda ntchito. Namwino wa pachipatala chaching'ono akafunsa mlingo wa mankhwala umene ungavulaze mwana, akufunsa kuti apulumutse. Mtsikana wochita manyazi kufunsa makolo za matenda opatsirana pogonana ayenera kuyankhidwa. Mlimi wofunsa za mankhwala a mbozi ayenera kuuzidwa kuopsa kwake. Wolemba masewero wa gulu ngati Kwathu amafunadi mawu a wakuba kuti sewero likome. Mawu a mphunzitsi weniweni ndi a mnyamata wa pabawo uja ndi ofanana liwu ndi liwu, ndipo makina saona nkhope. Kwa ine apa ndi pamene pagona vuto lenileni, ndipo sindikhulupirira kuti lidzatheratu. Ena amapusitsa makina popanda mtima waumbava, angotopa ndi kukanizidwa zinthu zabwinobwino.

Lamulo nalo lidatsalira m'mbuyo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security lidakhazikitsidwa mu 2016, makinawa asanabadwe. Lidaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo, koma wonyengerera makina ndi mawu sathyola chitseko chilichonse, amalowera pakhomo pomwe adatsekulira aliyense. Wobera anthu ndi uthenga wabodza ndi wakuba basi, kaya adalemba yekha kaya adalembetsa, ndipo apolisi ali ndi pomugwirira. Za kupusitsa kwenikweniko, kawirikawiri chilango chake ndi kutsekeredwa akaunti ndi kampani.

M'nthano ija Kalulu adagwidwa ndi Kamba, amene adadzipaka ulimbo pamsana n'kukhala phee m'mbali mwa chitsime ngati mwala. Kamba adali ataphunzira kachitidwe ka Kalulu. Makampani nawo amalemba akalulu awoawo, anthu amene ntchito yawo ndi kupusitsa makina dala kuti mabowo apezeke akuba asanawapeze. Mu Ogasiti 2023 pa msonkhano wa DEF CON ku Las Vegas anthu oposa 2,000 adapikisana pa ntchito imeneyi, boma la America likuvomereza. Ntchito yotere m'Chichewa singagwiridwe ndi munthu wa ku Las Vegas. Ikufunika wodziwa kusiyana kwa kupha ludzu ndi kupha munthu, wodziwa zimene “ngini” akutanthauza sabata ino ku Ndirande. Poyambira palipo. Ku MUBAS, pa Chichiri pompa, kudakhazikitsidwa Kuyesera AI Lab, ndipo Amelia Taylor wa pa sukuluyi ndi mmodzi mwa amene asonkhanitsa zolembedwa za Chichewa zophunzitsira makina. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, imene idalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 ndipo idakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Palinso gulu la Masakhane, loyamba mu 2019, la akatswiri a mu Africa amene amagwira ntchito pa ziyankhulo zathu.

Komatu mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse. Tikawaphunzitsa makina Chichewa chabwino, mlonda adzamva zining'a zathu, koma wakuba amene wadutsa adzalandiranso Chichewa chabwino cholembera mauthenga ake. Azakhali anga a ku Machinjiri ali ndi chizolowezi chondionetsa mauthenga okayikitsa ndikabwera ku tchuthi, poti amati ndine wa sukulu ya ziyankhulo. Kale ndinkangoloza kuti apa alakwitsa kalembedwe, apa ofesi yeniyeni singalembe chonchi. Ulendo wathawu uthenga udafika ndili pomwepo, tikusadzula nkhwani pakhonde. Unkati mwana wawo wagundidwa ndi njinga yamoto, ali kuchipatala, ndipo pakufunika K45,000 mwamsanga. Udali m'Chichewa chosalala, chaulemu, mipatuko ndi mipumiro yonse ili m'malo mwake. Kaya adalemba ndi munthu kaya ndi makina, pa uthengapo padalibe poloza. Ndidauwerenga kawiri, azakhali atamanga kale chitenje m'chiuno. “Azakhali, tiyeni tingomuimbira kaye,” ndidatero. Foni idaitana katatu, ndipo msuweni wanga adayankha ali pa siteji ya maminibasi ku Limbe, akudabwa kuti tikumufunsiranji ngati ali bwino.